Liwiro, njinga ndi madzi: kuchokera kwa amtengatenga a ku Matope kufika pa triathlon

Dziko la Neno lili pawiri. Kumtunda, kwa Dambe ndi kwa Chekucheku, kuli mapiri a Kirk Range, kumene Juni akafika anthu amagona ndi moto, ndipo n'kumene kumachokera mbatata ya kachewere, tirigu ndi manachesi. Kumunsi, ku Lisungwi, ku Zalewa ndi ku Matope, dzuwa lake ndi loswa mtengo, ndipo Shire ndiye malire ndi boma la Blantyre. Pakati pa madera awiriwa pali zitunda, zigwembe ndi mitsinje imene m'chilimwe mwana amaoloka madzi akulekeza m'mawondo, koma m'dzinja imakokolola ndi ng'ombe zomwe.

Wobadwira dziko lotere amaphunzira msanga kukwera mtunda ndi miyendo, kulimbana ndi madzi, ndiponso kupalasa njinga yolemedwa ndi katundu. Zitatuzi zikalumikizidwa n'kukhala mpikisano umodzi, kunja amazitcha triathlon, ndipo anthu amapata nazo mendulo ku Olimpiki. Ku Neno zakhala ntchito ya tsiku ndi tsiku kwa mibadwo. Pakati pa ntchitoyo ndi mendulozo pamaima bungwe: anthu olemba malamulo, oyeza mtunda, ogwira wotchi ndi osunga maina. Mabungwe otere ali ndi mbiri yawo, koma ya miyendo ndi mikono ya anthu a ku Neno ndiyo inayamba kale.

M'mbali mwa Shire munkakhala Amang'anja, mbumba ya Amaravi, anthu olima thonje, osula chitsulo ndi oyenda pa mabwato. Akuluakulu amakumbukira kuti mwana wa m'mphepete mwa mtsinje ankaphunzira kusambira kwa anzake podyetsa mbuzi, popanda womuphunzitsa. Ankaphunziranso dziwe loti n'kusambamo ndi dziwe la ng'ona, ndipo phunziro lachiwirili ndilo linali lofunika kuposa loyamba. Mtsinje ukadzaza, munthu wa pa ulendo ankamanga nsalu yake kumutu, n'kulowa m'madzi cha kumtunda kuti mphamvu ya madzi ikamutulire pa dooko la tsidya linalo. Mfumu ikafuna kuitanitsa anthu kapena kulengeza maliro, inkatuma mthenga wa miyendo yopepuka, ndipo mudzi uliwonse unkamudziwa mnyamata wake waliwiro.

Kenaka kunabwera Angoni. Anaoloka Zambezi cha m'ma 1835, ndipo a kwa Maseko, atayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, anabwerera n'kudzakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870. Kuchokera kumeneko mphamvu zawo zinafalikira m'mapiri a Ntcheu mpaka ku Neno. M'masiku amenewo liwiro linali nkhani ya moyo ndi imfa. Ankhondo ankayenda mitunda italiitali atanyamula chishango ndi nthungo, ndipo amene ankawathawa ankakwera mapiri atabereka ana. Mnyamata wachingoni ankakhwimira kubusa, pothamangitsa ng'ombe ndi polimbana ndi anzake, ndipo ngoma imene Angoni amavina lero inali yolimbitsa thupi la msilikali. Nkhondozi zinatha Angerezi atapha Inkosi Gomani mu 1896.

Pofika nthawi imeneyo miyendo ya anthu a m'chigwa cha Shire inali itapeza kale mabwana ena. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza mathithi amene anatsekereza sitima yake, mathithi omwewa amene lero akutipatsa magetsi pa Nkula ndi pa Tedzani. Sitima sikanadutsa pamenepo, choncho chilichonse chopita kunyanja chinkayenera kusenzedwa pamutu. Mu 1875 anthu mazanamazana anasenza zidutswa za sitima ya amishoni yotchedwa Ilala kulambalala mathithiwo, n'kukailumikizanso kumtunda kwake, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho sitimayo inalowa m'nyanja ya Malawi. Kampani ya Mandala itayamba malonda mu 1878, Matope anasanduka doko lalikulu. Katundu ankatsitsidwa kwa Katunga ku Chikwawa, n'kukwera naye phiri mpaka ku Blantyre, n'kutsikanso naye kukafika ku Matope. Onyamulawo ndiwo amtengatenga. Ena ankanyamula Azungu pa machila, akuthamanga molandizana ndi kuimba kuti mapazi agwirizane. Boma la atsamunda litayamba, linalembanso anthu onyamula makalata, amene ankathamanga ndi thumba usana ndi usiku m'njira za mikango, kupatsirana pa malo oikika. Ambiri ankalowa ntchito zimenezi pofuna ndalama ya msonkho.

Anthu amenewa ankachita zinthu zimene lero zikanawapatsa chikho. Koma mabuku a kampani ankalemba kulemera kwa katundu ndi tsiku limene wafika. Dzina la wonyamula silinali ndi ntchito kwa kalaliki, ndipo ndicho chifukwa chake sitingatchule ngakhale mmodzi mwa akatswiriwo.

Mpikisano wokhala ndi mzere woyambira, wenzulo ndi woweruza unabwera ndi sukulu za mishoni. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist anayamba ya Matandani mu 1908. M'sukulu zotere ana ankaguba m'mawa, kumenya mpira ndi kupikisana pa liwiro tsiku la masewera. Chilungamo cha mpikisano makolo ankachidziwa kale, paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Chachilendo chinali kuyeza mtunda ndi kulemba wopambana m'buku. Komabe masewera okonzedwa bwino, okhala ndi mabwalo osamalidwa ndi maiwe osambiramo, anali m'makalabu a Azungu ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Zomba, kumene munthu wakuda ankalowa ngati wantchito basi. Chizolowezi choti masewera enieni ndi a m'tauni chinayambira pamenepo, ndipo sichinatheretu.

Njinga inafika m'midzi kudzera mwa anthu a ku ulendo. Neno ili m'malire ndi Mozambique, ndipo njira yopita ku Halale ndi ku Joni inkadzera ku Mwanza ndi ku Tete. Ena ankapita pa selefu, wapansi, ena kudzera ku Wenela. Amene sanatchone ankabwera ndi jekete, makina osokera, galamafoni ndi njinga ya Humber kapena Raleigh. Mwini njinga ankaipukuta tsiku ndi tsiku n'kuigoneka m'nyumba, ndipo mudzi wonse unkaibwereka wina akadwala. M'kupita kwa nthawi inasanduka chida cha ntchito. Mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, mesenjala wa mfumu ndi wogulitsa nsomba onse anayamba kuyendera njinga, ndipo pa mitunda ya Neno nthawi zambiri mwini ndiye ankaikankha.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, linayamba kumanga mabungwe akeake. La mpira wa miyendo, Football Association of Malawi, linakhazikitsidwa mu 1966. Mu 1968 kunabadwa bungwe loona za Olimpiki, limene lero ndi Malawi Olympic Committee. Zipatso sizinachedwe: mu 1970, pa masewera a Commonwealth ku Edinburgh, wankhonya Tatu Chionga anabwera ndi mendulo ya buronzi. Mu 1972 Malawi anapita koyamba ku Olimpiki ku Munich, ndipo m'gululo munali othamanga, ankhonya ndi opalasa njinga. Ambiri lero sadziwa kuti dziko lino linatumizanso opalasa njinga ku Los Angeles mu 1984 ndi ku Seoul mu 1988. Mu 1974 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Malawi National Council of Sports, khonsolo yolembetsa mabungwe a masewera osiyanasiyana, kuwayang'anira ndi kuwagawira thandizo la boma. Kuyambira pamenepo dongosolo lake lakhala lomweli: masewera aliwonse ali ndi bungwe lake, bungwelo limalembetsa ku khonsolo, ndipo likafuna kupita ku Olimpiki kapena ku Commonwealth limadzera ku komiti ya Olimpiki. M'midzi, masewera ankadalira aphunzitsi ndi a Payoniya, amene ankaphunzitsa zolimbitsa thupi m'sukulu zambiri mpaka gulu lawo linathetsedwa kumapeto kwa 1993.

Chaka cha 1974 anthu a m'madera otumiza amuna ku migodi amachikumbukira pa chifukwa china. Mu Epulo ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Miyezi isanu pambuyo pake, kutali ku America, kunachitika kanthu kakang'ono kamene panalibe Mmalawi anakamva. Pa 25 Sepitembala, ku Mission Bay mumzinda wa San Diego, Jack Johnstone ndi Don Shanahan a kalabu ya othamanga anakonza mpikisano wophatikiza kuthamanga, kupalasa njinga ndi kusambira. Anthu 46 anapikisana. Ku France mipikisano yofanana nayo inkachitika kale m'zaka za m'ma 1920, koma triathlon ya masiku ano imawerengedwa kuyambira tsiku limenelo.

Mu Febuluwale 1978, pa chilumba cha Oahu ku Hawaii, John ndi Judy Collins analumikiza mipikisano itatu imene inalipo kale kumeneko: kusambira makilomita 3.8, kupalasa makilomita 180 ndi kuthamanga makilomita 42. Anautcha Ironman. Anthu 15 anayamba, 12 anamaliza, ndipo Gordon Haller anapambana patatha maola 11 ndi mphindi 46. Mu 1982 wailesi ya kanema inaonetsa mtsikana wina, Julie Moss, akugwa ndi kukwawa kuti afike pa mzere womalizira, ndipo anthu ambiri amene anaonera anakopeka ndi masewerawa.

Kufalikirako kunabweretsa chisokonezo. Wokonza mpikisano aliyense ankadziikira mtunda wake ndi malamulo ake. Kwina ankalola wopalasa kubisala kumbuyo kwa mnzake pothawa mphepo, kwina ankati n'kubera. Panalibe njira yodziwira katswiri weniweni, ndipo ngozi ikagwa m'madzi panalibe woyankha mlandu. Maiko anayamba kukhazikitsa mabungwe awo, ndipo pa 1 Epulo 1989 nthumwi za mabungwe 30 zinakumana ku Avignon m'dziko la France n'kupanga International Triathlon Union, Les McDonald wa ku Canada n'kukhala mtsogoleri woyamba. Anagwirizana za mtunda umodzi: kusambira makilomita 1.5, kupalasa 40, kuthamanga 10. Mu Ogasiti chaka chomwecho Mark Allen ndi Erin Baker anakhala akatswiri oyamba a dziko lonse. Mu 1994 komiti yaikulu ya Olimpiki inavomereza masewerawa, ndipo ku Sydney mu 2000 Brigitte McMahon wa ku Switzerland ndi Simon Whitfield wa ku Canada anatenga mendulo zoyamba za golide. Kuchokera ku Mission Bay kufika ku Sydney panangotenga zaka 26, ndipo masewera ambiri akale sanayendepo mofulumira chotero. Anthu olumala analowa nawo ku Rio mu 2016, ndipo mu 2020 bungwe la ku Avignon lija linasintha dzina n'kukhala World Triathlon.

Bungwe lalikululi silichita zinthu ndi munthu payekha. Limazindikira bungwe limodzi m'dziko lililonse, ndipo wopikisana sangaimire dziko lake popanda bungwelo kumulembetsa. Apa ndiye pagona udindo wonse. Bungwe la dziko limasunga kaundula wa opikisana ndi zaka zawo, kuti bambo wandevu asathamange ndi ana a sukulu. Limaphunzitsa makochi ndi oweruza, amene amaonetsetsa zinthu zooneka zazing'ono, monga lamulo loti munthu amange helemeti asanachotse njinga pamalo pake. Limavomereza mpikisano pokhapokha litakhutira kuti mtunda wayezedwa, msewu watsekedwa, achipatala alipo ndipo m'madzi muli mabwato opulumutsa anthu. Limasankha timu ya dziko potsata nthawi zolembedwa, limagwira ntchito ndi oyeza mankhwala owonjezera mphamvu, ndiponso limapempha thandizo la maphunziro ndi zipangizo ku mabungwe a kunja. Za madzi zokhazo si nkhani yamasewera: ku Paris mu 2024 mpikisano wa amuna unasunthidwa ndi tsiku limodzi chifukwa madzi a mtsinje wa Seine anapezeka akuda. Ngati a ku Paris anaopa tizilombo tosaoneka ndi maso, kuli bwanji ife a ng'ona, mvuu ndi likodzo?

Mu Africa masewerawa anazika mizu kumwera. Henri Schoeman wa ku South Africa anapata buronzi ku Rio mu 2016, mendulo yoyamba ya Olimpiki ya triathlon kubwera mu Africa, ndipo mu 2018 anatenga golide pa masewera a Commonwealth. Chitsanzo choyandikira kwa ife ndi Zimbabwe. Bungwe la kumeneko lakhala likuchititsa mpikisano wa Africa Cup ku Troutbeck, m'mapiri a Nyanga, kutali ndi Harare, pogwiritsa ntchito damu ndi misewu ya m'mapiri. Dziko lomwelo linatumiza Chris Felgate ku Olimpiki mu 2008 ndi mu 2012. Mavuto a chuma a ku Zimbabwe tonse timawadziwa, koma mpikisanowo wapitirira chifukwa pali anthu amene amaukonza chaka ndi chaka.

Kuno kwathu masewera atatuwa akula paokhapaokha, aliwonse ndi bungwe lake. Liwiro ndilo lapita patsogolo. Catherine Chikwakwa anathamanga ku Sydney ali ndi zaka 15, ndipo mu 2004 anapata siliva pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto m'dziko la Italy. Kusambira kwatulutsa Charlton Nyirenda, Joyce Tafatatha, Ammara Pinto ndi ena amene anaimira dziko ku Olimpiki, koma maiwe ophunziriramo akhala a m'sukulu zolipira, m'makalabu ndi m'mahotela. Dziwe lalikulu la boma linamangidwa ku Lilongwe pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022. Za njinga, nkhani ya mu 2014 imanena zonse: Missi Kathumba ndi Leonard Tsoyo atafika ku Glasgow pa masewera a Commonwealth, sitolo ina ya mumzindawo inawathandiza ndi njinga itaona mmene zawo zinalili. Kufikira lero Malawi alibe mendulo ya Olimpiki pa masewera aliwonse, ndipo palibe Mmalawi amene anapikisanapo pa triathlon kumeneko.

Pali chinthu chimodzi chimene chinachitika ku Mulanje chimene a ku Neno ayenera kuchilingalira. M'zaka za m'ma 1990 kunayambika mpikisano wa anthu onyamula katundu wa alendo m'phiri la Mulanje, Porters Race, woyambira pa Likhubula kukwera phiri ndi kutsikanso mtunda woposa makilomita 20. Anthu ake anali omwewo, miyendo yake yomweyo, njira zake zomwezo zimene ankayenda ndi zikwama za alendo. Kunangowonjezeka tsiku loikika, mzere, wotchi ndi mphoto. Lero mpikisanowo ndi wotseguka kwa amuna ndi akazi, ndipo umakoka othamanga ochokera kutali. Adzukulu a amtengatenga a ku Mulanje maina awo analembedwa.

Neno inakhala boma palokha mu 2003, itapatuka ku Mwanza, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 138,291. Kwa zaka zambiri msewu wopita pa boma unali wafumbi, ndipo mvula ikagwa galimoto zinkagona m'matope. Choncho njinga ya kapalasa sinataye ulemu wake. Alangizi a zaumoyo amayendera njinga kukaona odwala, anyamata a kabaza amanyamula anthu pa Zalewa, ngakhale njinga zamoto zayamba kuwalanda msika, ndipo ogulitsa makala amalawirira usiku ndi matumba osanjikiza kulunjika ku Blantyre. Za kutha kwa mitengo ndi nkhani ina, yowawa payokha. Koma makilomita 40 amene katswiri wa Olimpiki amapalasa pa njinga yopepuka, ya ndalama mamiliyoni, safika mtunda wa kuchokera pa Zalewa kukafika mu Blantyre, umene mnyamata wa makala amadutsa ndi katundu wolemera kuposa iye mwini.

Kunena zoona, kulimba kokha sikupanga katswiri. Wa makala sanaphunzire kupalasa pagulu, wosambira mu Lisungwi sadziwa kupuma mwa dongosolo, ndipo thupi lodya kamodzi pa tsiku silingapirire maphunziro a katswiri. Komanso palibe kholo la nzeru limene lingalole mwana wake kupikisana mu Shire. Koma malamulo a World Triathlon ali ndi mipikisano ina yosafuna madzi. Pali duathlon, imene munthu amathamanga, n'kupalasa, n'kuthamanganso, ndipo ilipo ya m'misewu yafumbi ndi m'tinjira ta m'mapiri. Imeneyi Neno ikhoza kuichititsa ndi zimene ili nazo kale: zitunda, mphepo yozizira ya kumtunda, sukulu zokhala ndi aphunzitsi a masewera, ndi njinga zimene zili m'makomo ambiri. Kusambira kungabwere pambuyo, kwa ana amene aonetsa luso, m'madzi oyezedwa ndi otetezedwa.

Vuto la mabungwe athu ambiri n'loti amaoneka pa nthawi ya zisankho za akuluakulu ake ndi pa nthawi ya ulendo wa kunja, ndipo mipikisano yawo imazungulira Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Bungwe lotchedwa la dziko lonse liyenera kuweruzidwa ndi kaundula wake, kuti muli maina angati a ana a kwa Mlauli, kwa Symon ndi kwa Dambe. Choncho inu amene mukuyendetsa triathlon, liwiro ndi njinga m'dziko muno, pamodzi ndi ofesi ya zamasewera ya khonsolo ya Neno ndi bungwe la masewera a m'sukulu la MASSA, yezani msewu umodzi pa boma kapena pa Lisungwi, ikani tsiku m'chilimwe, lolani njinga wamba, bweretsani mahelemeti ndi wotchi, ndipo mulembe dzina, zaka ndi nthawi ya mwana aliyense amene wamaliza.